Mpando wa Habibu

Lachitatu, 6 Juni 2007

Dzanja langa n'loipa, zilembo zimakwera ndi kutsika, mawu ena ndimawaphonya. Ndinalekezera Sitandade 4 ku Ntaja. Amene adzatole kope ili andikhululukire, ngakhale sindikulembera munthu. Ndikulemba chifukwa mutu wadzaza, ndipo a Kassimu, amuna anga, atopa nako kundimvera.

Sitalaka ya aphunzitsi. Chiyambire Lachisanu geti la sukulu ya Habibu lili ndi loko. Ndakhala ndikumutumizabe m'mawa uliwonse, mwina atsegula. Lero wabwerako nkhope ili gwa. Akuti mlonda wamuseka: "Mnyamata wa ku Malawi, ukufuna akuphunzitse mpanda?"

Giredi 7. Chaka chomaliza cha pulayimale. Malo amenewa ndinawavutikira ine. Sukulu zina zonse zinatibweza chifukwa cha mapepala. Ino yokha ya kuno ku Mabopane, ku Joni, ndiyo inamulandira, nditapitako mpaka nsapato kutha.

Ana a madamu amene ndimawagwirira ntchito ku Menlo Park akupita kusukulu tsiku lililonse. Mayunifolomu awo ndikusita ndine. Kumeneko sitalaka amangoionera pa TV.

Lachitatu, 13 Juni

Achimwene anga a Twalha ayimba kuchokera kumudzi. Chaka chino kuli jando, anyamata onse a msinkhu wa Habibu akulowa ku ndagala kukavinidwa. Amati: "Zakiya, mwana wafika pamenepo osavinidwa, akadzabwera kuno azidzadyera mbale imodzi ndi akazi?"

A Kassimu akondwa ngati atola chikwama. Akuti pa siteshoni pomwe amagulitsa aliyense akunena kuti sitalaka ifika Ogasiti. Akuti Mulungu mwini watseka sukulu kuti mwana apite.

Ndafunsa kuti nanga akatsegula msanga. Andiyankha: "Amake Habibu, inu nkhawa zikanakhala njerwa bwenzi tili ndi nyumba yosanja."

Kwathu mwini mwana ndi amalume ake. Amalume anena, bambo avomera. Ine ndatsala ndani?

Mwini wake ali m'chimwemwe. "Eish Mama, ndikaona njovu ku Liwonde?" Anachoka kumudzi ali wamng'ono. Chiyao chake n'chothyoka, chilankhulo cha kuno ndiye chimamutuluka ngakhale m'tulo. Akamuseka. Kapena akamumenya chifukwa chosamva zomwe akumuuza.

Lamulungu, 17 Juni

Wapita. Ndi a Elson, aja amatenga katundu ndi anthu pa galimoto ya ngolo kudzera ku Tete. Kuzizira koopsa. Juzi, bulangete, buledi, mazira owiritsa. Ndinamuyikira buku la masamu m'chikwama, bambo ake analitulutsa, akuti ku ndagala sapita ndi masamu.

A Twalha atsimikiza kuti anyamata alowa sabata yamawa, Julayi asanafike pakati adzakhala atatuluka.

M'nyumba muli zii. Ndaphika mpunga wambiri mwachizolowezi.

Lachisanu, 29 Juni

Sitalaka yatha dzulo. Ndamva pa wailesi ya m'khichini ya madamu ndikutsuka mapoto. Madamu anati ndi nkhani yabwino kwa ana a ku lokeshoni, ndiyeno anandifunsa ngati ndapukuta mawindo a kuchipinda chochezera.

Ogasiti uja wa pa siteshoni ali kuti? A Kassimu akuti panopa ndi holide basi, palibe chaonongeka.

Ndafulasha a Twalha mpaka ayimba. Anyamata sanalowe. Sabata yamawa.

Lolemba, 16 Julayi

Atsegula. Ndanyamuka mochedwa, popita ku sitima ndadutsana ndi ana a mayunifolomu, ena a m'kalasi mwake. Ndinayang'ana pansi ngati ndaba.

Lero ndiye ndadziwa chenicheni, osati kwa achimwene koma kwa mlamu wanga, mkazi wawo. Angaliba, mkulu wovinira anyamatayo, sangayambe mpaka sukulu za kumudzi zitatseka. Kumeneko zimatseka mu Ogasiti. Akuti aboma safuna mwana achotsedwe m'kalasi chifukwa cha jando, ndiye onse akudikira.

Ndiye kuti sukulu ya ana awo akuilemekeza. Ya mwana wanga ayi. Habibu wakhala mwezi wathunthu akuweta mbuzi za amalume ake, kudikira kuti ana a eni ake amalize kulemba mayeso. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza kuti holide ya ku Joni ndi ya kwathu sizikumana. Kapena a Twalha anadziwa, anangofuna mbusa.

Ndati abwereko, adzapitenso chaka china. A Kassimu akana. Abwere chimodzimodzi momwe anapitira, amuna anzawo ku mzikiti akawauze chiyani? Komanso a Elson satenga munthu mwaulere. Amaliza ndi mawu awo a masiku onse: sukulu sithawa.

Loweruka, 21 Julayi

Msonkhano wa makolo kusukulu. Ndinapita ndi Falesi, mnzanga wa ku Ntcheu amene amagwira nyumba yoyandikana ndi ya madamu. Iye anafika Fomu 2, chizungu ndi chilankhulo cha kuno amamva bwino, amandinong'oneza.

Ahedi anafotokoza dongosolo lobwezera nthawi yotayika. Kuphunzira Loweruka. Kutsalira masana. Holide ya Seputembala aidula. Sitalaka ina ikadzabwera, ana adzapatsidwa ntchito yokachitira kunyumba ndipo makolo ena asankhidwa oti azidzauza anzawo zochita. A Giredi 7 ndiye awapanikiza kwambiri chifukwa lipoti la teremu ino ndi limene amakapemphera malo ku sekondale.

Kenako lamulo. Mwana akajomba masiku khumi otsatizana popanda kalata ya dokotala, dzina lake alifufuta m'kaundula. Ofuna malo ndi ambiri.

Bambo wina wa ovololo anayimirira. Falesi anaseka kaye asanandimasulire. Akuti: "Inu munajomba mwezi wathunthu, kalata yanu ya dokotala ili kuti?" Holo yonse phokoso. Ahedi anati kumeneko si kujomba, ndi ufulu wa ogwira ntchito. Ufulu. Wamkulu akajomba ndi ufulu.

Potuluka, Mem Phalane, aphunzitsi a kalasi yake, anandigwira mkono. Habibu ali kuti? Ahedi ali chiimire pambali pomwepo, munthu wamwamuna, wachilendo. Mkazi satchula za ku ndagala. Ngakhale kwa mwamuna wake amangozungulira. Chimene chinatuluka n'chakuti akudwala.

Anandimvera chisoni. Anati pepani, ndibweretse kalata.

Lachinayi, 26 Julayi

Sindikugona bwino. Mwana ali pafupi kulowa kumalo kumene ana ena sabwerako, ine mayi wake ndanena ndi pakamwa panga kuti akudwala. Ndamuitanira tsoka. Chikachitika ndidzaloza ndani?

Ndinapita ku kiliniki pochoka kuntchito, kuganiza kuti mwina ndikafotokoza andilembera. Nesi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wodwalayo ali kuti, Mma, m'thumba lanu?" Anthu pa benchi anaseka. Wina kumbuyo ananena mawu aja amatinenera ife obwera. Ndinatuluka.

Ndapsereza kolala ya bulauzi ya madamu. Sanaone. Adzaona.

Lamulungu, 5 Ogasiti

Alowa dzulo. Tsopano ngakhale pa foni sindingamumve mpaka atatuluka. Chakudya chake akukasiya mlamu wanga kumalire a ndagala, ntchito yomwe inali yanga.

A Kassimu ayala mphasa pansi. Mwambo wake, makolo sagona pamodzi mwana ali kumeneko, kuopa kuti bala lingachedwe kupola. Lamulo limeneli akulisunga bwino zedi, mchere wa m'ndiwo akufunsa, chilichonse akufunsa. La masiku khumi lija ndikawakumbutsa amati ndi zoopsezera chabe, aphunzitsi a ku Joni amangolankhula.

Masiku khumi anadutsa kale.

Lendi yakwera. Parafini wakwera. Nsapato zake za sukulu zili pansi pa bedi, ndazipukuta popanda chifukwa.

Lachiwiri, 14 Ogasiti

Dzulo kamtsikana ka m'kalasi mwake kanabwera kudzanena kuti ahedi akundifuna. Madamu anandilola theka la tsiku, nkhope itakwinyika, akuti ife nthawi zonse timakhala ndi maliro kapena mavuto. Falesi ananamiza madamu ake kuti dzino likumupweteka, anandiperekeza.

Dzina alifufuta. Pa desiki yake pakhala kale mwana wina wochokera ku Soshanguve.

Ahedi anafunsa kalata. Ndinalibe. Anafunsa chipatala chomwe wagonekedwa. Ndiye Falesi anangophulika, iye za jando sizimumanga pakamwa, ndi wa mpingo. Anafotokoza zonse, pamaso pa mwamuna, ine ndikumva dzina la mwambo wathu likutuluka ngati akutchula mtengo wa tomato. Ndinafuna nthaka indimeze.

Ahedi anavula magalasi. Sanadabwe n'komwe. Akuti nawonso anyamata awo amapita kuphiri kukavinidwa, iwonso anapita ali mnyamata. Koma awo amapita sukulu ikatseka m'nyengo yozizira, potsegulira amakhala atabwerako. Akuti ndikananena zoona tsiku lija akanaona chochita. "Mma, munandinamiza ngati mwana wa Giredi 1."

Ndiye manyazi onse aja ndinawasenzera chabe. Ndinabisira munthu chinthu chimene iye mwini anadutsamo.

Anati lamulo ndi lamulo, anawerengera makolo onse, sangalipinde chifukwa cha mmodzi. Ndinatsika pampando n'kugwada pa simenti. Kuno sagwada mu ofesi. Anachita manyazi ndi iwo, kumangoti dzukani Mma, dzukani. Sindinadzuke. Mem Phalane analowa, analankhula nawo nthawi yaitali. Falesi akuti amanena kuti pa masamu palibe womuposa Habibu m'kalasi monse.

Pomaliza anagamula. Akafika mayeso a pa 10 Seputembala asanayambe, amulembanso. Koma kuchokera pamenepo asadzajombe ngakhale tsiku limodzi, ngakhale Loweruka. Akadzajomba ndisadzabwerenso.

M'sitima sindinamulankhule Falesi. Iye amvekere: "Asisi, mukwiye, koma chinsinsi chanucho sichikanalemba mayeso." Ndikudziwa. Ndakwiyabe.

Lachinayi, 23 Ogasiti

Palibe nkhani. Ndikafunsa mlamu amati mbale zikubwerako zopanda kanthu, ndiye kuti akudya. Nanga ngati akudya ndi ena?

Ndauza a Twalha za pa 10. Akuti angaliba sauzidwa tsiku ndi ahedi a ku Joni.

Madamu aona kolala ija.

Lamulungu, 2 Seputembala

Atuluka! Ali moyo, ali bwino. Alhamdulillah. Ndinakhala pansi pa khomo n'kulira, mayi wa nyumba yoyandikana anaganiza kuti kwagwa maliro.

A Twalha amafuna akhale sabata ina, azungulire abale, alandire mphatso, ndiponso Ramadani ili pafupi, bwanji angomangira konko. Chibadwire sindinawakwezerepo mawu achimwene anga. Lero ndawakwezera mpaka mayunitsi kutha. Ndati a Elson akunyamuka Lachitatu, mwana akapanda kukwera ndibwera ndekha kudzamutenga, ntchito ithe ithe. Anati Joni wandionongera ulemu. Mwina.

Anamupatsa foni. Mawu ake ndi omwewo koma ngati akuchokera m'chitsime. Sanati Mama. Anati: "Amayi, muli bwanji." Ndinamufunsa ngati wawonda, ngati juzi ikadalipo. Anati zimenezo si zofunsa. Dzina lake latsopano ndi Sidiki. Akuti la Habibu linatsala kutchire.

Lolemba, 10 Seputembala

Anafika Loweruka madzulo. Wowonda, wometedwa mpala, wamtali kuposa momwe anapitira. Ndinathamanga kuti ndimukumbatire, anabwerera m'mbuyo n'kundipatsa moni wa m'manja, maso kumbali. Bambo ake anasangalala, akuti mwaona, ulemu umenewo. Tamangira nsalu pakati pa chipinda, mbali yake sindiloledwa kulowa. Pa chitofu safikanso. Kale ankandithandiza kusenda anyezi akundiuza za m'kalasi.

Koma lero wapita. Ndachedwa dala kuntchito, ndamuperekeza mpaka pa geti, iye patsogolo ine m'mbuyo, sanafune tiyende limodzi. Mem Phalane anamulandira. Desiki palibe, amupatsa kreti ya zakumwa kumbuyo kwa kalasi, azilembera pa mawondo. Zilibe kanthu. Walowa.

Ndagula nyama pang'ono. Lero ndigona.

Loweruka, 22 Seputembala

Tikumanga Ramadani. Iye akumanga yonse, koyamba. Anzake a sukulu zina ali pa holide, iwo akupitabe chifukwa cha dongosolo lija.

Mayeso sanayende. Masamu omwe, amene anali ake. Zimene anaphunzitsa mu Julayi ndi Ogasiti palibe womubwerezera, Mem akuti sangabwezere kalasi yonse m'mbuyo chifukwa cha munthu mmodzi. Olephera amatsala masana kusesa kalasi asanayambe kubwereza. Akusesa pamodzi ndi atsikana.

Poitana mayina Mem amati Habibu, chifukwa ndi lomwe lili m'kaundula. Iye sayankha. Dzana anamukalipira pamaso pa onse. Wabwera atakwiya. Osauza ine, kuuza bambo ake, ine ndikumvera kuseri kwa nsalu. Akuti: "Munthu wamkazi kundiloza chala, ine nditakhala pa kreti ngati botolo." A Kassimu anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinalowererapo. Ndati mayi ameneyo ndi amene anakupempherera malo. Ndati kwatsala miyezi iwiri yokha, pirira, uyankhe dzina lililonse lomwe akuitana. Anandiyang'ana koyamba chibwerereni.

Lachitatu, 3 Okutobala

Masiku ano kuli bata. Sakudandaulanso za Mem. Ndikamufunsa za homuweki amati anamalizira konko. Malaya akubwera oyera, kolala yosada n'komwe. Mwina wakula, wayamba kudzisamala.

Falesi akuti sekondale ya pafupi ndi kwawo ikulandirabe mayina. Ndikufuna lipoti lokha.

Lachitatu, 10 Okutobala

Paipi ya madzi inaphulika ku Menlo Park, msewu wonse wouma, madamu anandiuza ndizipita masana. Si kawirikawiri ine kufika ku Mabopane dzuwa lili pamutu pakati pa sabata.

Potsika sitima ndinati ndidutse pa tebulo la a Kassimu nditenge makiyi. Iwo panalibe. Panali iye, mwana wanga. Buluku la sukulu, sikipa ya bambo ake, akuitanira anthu masokosi ndi mabatire m'chilankhulo cha kuno, mawu okweza, akuseka. Kuseka komwe kunyumba sindinakumve chibwerereni. Malaya a sukulu ali m'jumbo pansi pa tebulo, opindidwa bwino momwe ndinawasitira.

Mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, pambali pake anandipatsa moni, amvekere mwana wanuyu ndi wochangamuka, chenje salakwitsa, tamuzolowera. Tamuzolowera.

Ndinamuitana Habibu. Sanatembenuke. Ndinati Sidiki. Anabwera pafupi n'kunena motsitsa: "Amayi, pano si pokambirana, pali makasitomala."

A Kassimu anatulukira akuchokera ku swala ku mzikiti. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Amadziwa kuyambira tsiku loyamba, amanyamukira limodzi ine nditapita. Akuti: "Wakula, wasankha yekha. Inu mumafuna tikamuvinire kuti azikasesa?" Ndati ine sindinafune kalikonse, palibe anandifunsa. Anthu anayamba kutiyang'ana. Ndinatenga makiyi.

Ndaphika futari yomasulira, adya onse awiri, ayamikira kuti ndiwo zakoma.

Kusukulu sanandiitane, ndipo ananena kale kuti ndisadzabwerenso. Sindikudziwa ngati dzina lake likadali m'kaundula. Lipoti palibe, malo a sekondale palibe. Ndamufunsa ngati mawa apita, wati aona. Ine ndimanyamuka kukadali mdima iwo ali m'tulo, ndipo wondiuza ngati walowa pa geti palibe.